A Khutu ndi Sipika Yakumanzere

Tepi yanga yoyezera inasowa Lachiwiri lina m'mawa, kasitomala ali chiimire pakhonde kudikira kuti ndimuyeze diresi. Ndinasanthula kuchipinda konse, m'madilowa, ngakhale m'thumba la zigamba, osaipeza. Ndinakaipeza pabalaza ili m'manja mwa apongozi anga aamuna. Anali atagwada kuseri kwa sofa, akuyeza kuchokera pa mpando wawo kukafika pa sipika.

"Bambo, tepiyo ndimaifuna," ndinatero.

"Gwirani uko, mayi," anayankha osacheuka. "Sipika iyi yasendera ndi zala zitatu. Alipo amene anaigunda posesa."

Wosesa m'nyumba mwathu ndine ndekha, ndiye mlanduwo unali utagamulidwa kale. Ndinagwira tepi, kasitomala n'kumadikira.

Apongozi angawo anthu amawatchula kuti a Khutu, ndipo si dzina lachipongwe ayi. Anagwira ntchito ya umakaniko zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri pa galaja ya malole ndi mabasi. Galimoto ikabwera ikudwala, anzawo ankathamangira masipanala n'kuyamba kumasula ichi ndi icho. Iwo ankangoti, "Ilizeni." Akatero ankatenga sikuludilaiva yaitali, nsonga n'kugunditsa pa injini, chogwirira n'kutsamiritsa kukhutu lamanzere, n'kutsinzina. Pakapita kanthawi ankaloza ndi chala n'kunena kuti, "Belingi iyo." Akamasula ankapeza kuti ndi yomweyodi. Ngakhale atapuma pantchito, madalaivala ankaimikabe magalimoto pageti pathu kuti a Khutu awamvereko. Sankalandira kanthu. Chimene ankafuna n'chakuti dalaivalayo abwerenso kudzanena kuti, "Madala, munalondola."

Ine khutu limenelo ndinalionera ndekha nditangokwatiwa kumene. Anabwera kudzationa, ndipo anakhala panja pakhonde ine ndikusoka m'nyumba. Posakhalitsa ndinamva kugogoda.

"Mayi, makina anuwo akudumpha. Pali kasikulu kakhwefuka pafupi ndi bobini."

Mumtima ndinati madala awa nawonso, makina osokera ndi lole zikugwirizana pati? Koma nditatsegula, kasikulu kanali katakhwefukadi.

Apongozi aakazi atamwalira tinawatenga bambowa kudzakhala nafe, ndipo zaka ziwiri zoyamba ndinalibe chodandaula. Anali munthu wodzuka m'mawa, wodziyalulira yekha pogona, wokonza loko aliyense wa m'nyumba asanauzidwe. Mavuto anga analowa pakhomo tsiku limene amuna anga anabwera ndi makatoni atatu, ati bambo asamasungulumwe. Munali masipika asanu, ampulifaya yokuzira mawu, ndi chibokosi chakuda chimene amati sabufa, chomwe ntchito yake ndi kugwedeza m'mimba mwa munthu. Amuna angawo amayendetsa basi ya mtunda wautali ndipo amabwera kunyumba Loweruka lokha. Analumikiza mawaya mothamanga, anajambulitsa chithunzi ndi bambo awo, m'mawa mwake n'kunyamuka. Wotsala ndi mphatsoyo ndinali ine.

Tsiku loyamba lomwelo a Khutu anaika filimu, anamvetsera pang'ono, n'kupukusa mutu.

"Anthu awa akulankhulira m'chitini," anatero. "Mwana uja wasemphanitsa mawaya."

Anasuzumira kuseri kwa sipika ina n'kupeza kuti waya wofiira walowa pakuda, wakuda pofiira. Atabweza, mawu a anthu a mufilimuyo anadzaza ndithu, ngati alowa m'nyumba mwathu momwe. Ndinawayamikira ndi mtima wonse. Ndikanadziwa ndikanatseka pakamwa, chifukwa kuyamikira kwangako n'kumene kunandilembetsa ntchito yokhala wothandizira wawo, ngati kamnyamata kopereka masipanala ku galaja.

Anayamba ndi kuyendayenda pabalaza akuwomba m'manja kamodzikamodzi, khutu lili tcheru. Ati makoma opanda kanthu amabweza mawu, ndipo mawu akabwerera amagundana ndi anzawo. Kuti asabwerere pankafunika nsalu. Nsalu m'nyumbamo anali nazo ndani? Makatani anga opepuka anatsitsidwa, ndipo ndinasoka ena okhuthala ngati bulangete. Kapeti ya kuchipinda kwathu inasamukira pabalaza. Tebulo langa lodulirapo nsalu linapezeka ndi mlandu wobweza mawu chifukwa cha kusalala kwake, ndipo linathamangitsidwa kupita kuchipinda kumene kulibe kuwala. Makapu a malemu apongozi aakazi a m'kabati ya magalasi ankanjenjemera sabufa ikabangula, choncho ndinakhala tsiku lathunthu ndikuwayalira zigamba, kapu iliyonse kachigamba kake. Chimene chinapulumuka ndi makina anga osokera okha, amene anatsala pafupi ndi zenera, kumanzere kwa mpando wawo. Pamenepo ndinakana kwamtuwagalu, popeza m'nyumba monse ndi pokhapo pamene ndimaona kabowo ka singano.

Kenako anatenga choko changa cholembera nsalu n'kujambula mizere pansi kuzungulira miyendo ya mpando wawo ndiponso pamene pakhala sipika iliyonse. Mizere imeneyo siinkayenera kukolopedwa. Sipika ziwiri zakutsogolo zinayenera kutalikirana ndi mpando mofanana ndendende, zitapendekera pang'ono kuloza mphuno yawo. Yapakati, imene imatulutsa zolankhula za anthu, inayenera kukhala pansi penipeni pa TV, osaikapo duwa kapena kansalu. Zonse zinayenera kulingana ndi makutu a munthu atakhala pansi, ndiye ndinawayeza apongozi anga kuchoka pansi kufika kukhutu, iwo ali ndwii pampando ngati akujambulitsa chiphaso. Pa mpando umenewo panalibe wina wokhalapo. Ngakhale abusa atabwera kudzationa anawalozera pa sofa.

Tsiku limene ndinafuna kulowa pansi ndi manyazi ndi la sabufa. Anawerenga m'kabuku ka m'katoni kuti ukafuna kupeza malo ake abwino, uiike pa mpando umene umakhalapo, uike nyimbo ya besi, iwe uzikwawa m'mbali mwa makoma mpaka upeze pamene mkokomo ukumveka bwino. Pamenepo ndiye pamalo pake. Anachitadi zimenezo, pa nthawi imene amayi awiri anabwera kudzatenga mayunifomu a kwaya. Analowa n'kupeza chibokosi chakuda chitakhala pampando ngati mwini nyumba, bambo aimvi akukwawa pansi, tsaya likukhula khoma. Anapereka moni kwa bambowo, bambowo n'kuwagwedezera dzanja kuti akhale chete. Potuluka mmodzi anandikokera pambali.

"Pepanitu, Atelala," anandinong'oneza. "Zayamba liti?"

Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti pa zonsezi ankalondola. Sabufa itakhala pamene anapezapo inasiya kubuula ngati ng'oma yonyowa, n'kuyamba kumveka bwinobwino. Munthu wovuta amene akulakwitsa umamunena kumbali mtima n'kuphwa. Nanga wovuta amene akulondola ungamutani?

Zinthu zinayamba kupotoka patatha pafupifupi chaka. Ampulifaya ija ili ndi batani loyesera. Ukalidina, pamamveka kaphokoso kakuti shiii, kamene kamayenda sipika ndi sipika kuzungulira balaza lonse, kuti umve ngati zonse zikulira mofanana. A Khutu ankadina batani limeneli m'mawa uliwonse asanamwe n'tiyi yemwe. Tsiku lina anadina kawiri.

"Yakumanzere yatsika," anatero.

Ine ndinamva zonse zili chimodzimodzi, koma ndine yani pamaso pa a Khutu? Anaikweza pang'ono ndi limoti. Patapita sabata anaikwezanso. Kenako anayamba kudandaula kuti anthu a m'mafilimu a masiku ano amameza mawu, ndipo owerenga nkhani nawonso amalankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Voliyumu inachoka pa 18 kufika pa 25, kenako pa 34. Ine ndimasokera kumanzere komweko, sipika yokwezedwayo ili chapafupi ndi mutu wanga. Pofika masana mutu unkakhala ukugunda ngati ndagona m'chigayo.

Apa m'pamene anandiphunzitsa lamulo lawo la ku galaja, ndipo anandiuza kambirimbiri mpaka ndinkalilota.

"Makaniko salota, mayi, amasinthanitsa. Ukaikayikira pulagi, isinthanitse ndi inzake. Vuto likasamuka nayo, wolakwa ndi yomweyo. Likatsala pomwepo, pulagi ilibe mlandu, funa kwina."

Tinasinthanitsa sipika yakumanzere ndi yakumanja, wonyamula ndili ine. Vuto linatsala kumanzere. Tinasinthanitsa mawaya, ine nditagona chafufumimba kuseri kwa kabati, fumbi lili m'mphuno. Vuto linatsala kumanzere. Anagula waya wina wonenepa ngati chala, tinamuyala. Anapukuta malo olumikizira ndi kansalu konyika mu sipiliti. Mvula ikakuona litsiro sikata: ndi mmene sipika yakumbuyo ya mbali yomweyo inayambanso kutsika. Ati matenda apatsirana.

Mapeto ake tinanyamula ampulifaya kupita nayo kwa wokonza mawailesi kumsika. Ndinaikulunga m'nsalu n'kuisenza, iwo ali patsogolo manja kumbuyo, akundichenjeza za miyala. Wokonzayo, bambo wamagalasi okhuthala, anailumikiza ku zida zake, anayeza mbali zonse, n'kunena kuti ilibe vuto lililonse.

"Kungoti mbali yakumanzereyi mwaikweza kwambiri, madala. Mupsereza sipika."

"Yezaninso."

Anayezanso, yankho n'kukhala lomwelo. Pobwerera a Khutu anang'ung'udza njira yonse. Ati amisiri a masiku ano amakhulupirira timagetsi tothwanima, makutu awo ndi ongokongoletsa mutu. Ine khosi linali litauma ndi katundu, ndipo ndinasiya madiresi awiri osapinda m'munsi.

Choonadi ndinachidziwira pa makina anga. Kasikulu kaja kanakhwefukanso, makina n'kuyamba kulira kuti tche, tche, tche. Ndinatenga sikuludilaiva kuti ndimange, koma ndinaibweza. Ndinati ndione. Ndinasoka tsiku lonse, iwo ali pampando wawo mapazi atatu okha kuchoka pamene ndinali, TV ili yozimitsa, akuwerenga nyuzi. Sanatukule mutu. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Munthu amene anamva kasikulu kameneka ali panja, chitseko chili chotseka.

Sabata yomweyo dalaivala wina anaimika minibasi pageti. Ndinasuzumira pazenera. A Khutu anatenga sikuludilaiva yawo yaitali, anagunditsa pa injini, chogwirira kukhutu lamanzere monga mwa masiku onse. Anatsinzina nthawi yaitali. Anasuntha nsonga, anatsinzinanso. Kenako anaweramuka n'kunena kuti, "Mubwerenso tsiku lina, lero kuli mphepo." Kunja kunali zii, ngakhale tsamba silinkagwedezeka. Ndinabwerera pa makina anga mtima ukundiwawa, mkwiyo wonse wa miyezi ija utasanduka chisoni. Koma chisonicho sichinakhalitse, chifukwa atangolowa anaika filimu ya nkhondo pa 40.

Aneba athu ndi anamwino, ndipo akagwira ntchito usiku amagona masana. Tsiku limenelo anabwera pampanda atamanga kansalu kumutu, maso ali psuu.

"Achemwali, m'nyumba mwanumo nkhondo yake idzatha liti? Ndege zakhala zikugwera kuchipinda kwanga kuyambira m'mawa."

Ndinapepesa n'kuwafotokozera za sipika yakumanzere, za mawaya, za ulendo wa kumsika. Anandiyang'ana mondimvera chisoni.

"Inu mukudziwa kuti si sipika imeneyo," anatero. "Wakutsina khutu ndi mnansi, abwere kuchipatala akawayeze. Mwina n'kutsekeka chabe, mwina ndi ukalamba ndi phokoso la kuntchito kwawo kuja. Thandizo limakhalapo, ngakhale timakina tovala kukhutu. Koma kukhala nazo pakhomo sikuthandiza. Nanga mmene amawolokera msewu aja, tsiku lina galimoto ikadzawaimbira kumanzereko?"

Loweruka amuna anga atabwera ndinawakokera kukhitchini n'kuwauza zonse. Anakanda m'mutu nthawi yaitali.

"Ndiye mukufuna ine ndikaime pamaso pa bambo anga n'kuwauza kuti sakumva?"

"Nanga awauze ndani? Ndi bambo anu."

"Mawu amenewo ankandiuza ndi iwowo ndili mwana, lamba ali m'manja. 'Iwe sukumva!' Lero ndiwabwezere? Ayi, Atelala. Inu mumagwirizana nawo, muwalowe bwinobwino."

Lamlungu madzulo anakwera basi yawo n'kupita, kundisiyira njoka m'thumba.

Ndinayesa ndithu. Lolemba ndinawapangira tiyi wamkaka, ndinadikira amwe, ndinakhala pansi mwaulemu. Mawu ndinali nditawakonza usiku wonse, koma atafika pakamwa anatuluka opunduka.

"Bambo, kodi mwina... kapena vuto n'lakuti inuyo simukumva..."

Sindinamalize n'komwe kuti "bwino". Anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Ine wosamva?" anafunsa. "Ndakalamba chonchi, m'nyumba ya mwana wanga, ndasanduka mwana wosamva? Munandiuza chiyani chimene ndakana? Ngati ndakukwanani, mayi, nenani, ndili ndi kwathu."

"Sindimatanthauza choncho, Bambo."

"Ndamva zimene mwanena. Makutu ndili nawo."

Tsiku limenelo sanadye, lotsatira lake anangolawa. Ndinapepesa mpaka mawondo kuwawa, pa mlandu wowafunira zabwino. Chilankhulo chathuchi nachonso chili ndi nkhanza zake. Mawu ouzira munthu kuti khutu lake lafooka ndi omwewonso okalipira mwana woba shuga. Ndinalumbira kuti sindidzayambiranso, agonthe okha.

Lumbiro langa linatha masiku khumi. Lachinayi lina a Khutu anatuluka m'chipinda mwawo nkhope ili ngwee, ngati munthu amene watola chinthu chimene chinatayika kalekale.

"Ndalipeza vuto, mayi. Ndi zenera ili. Masipika onse awiri odwalawa ali mbali ya zenera. Galasi likuba mawu n'kuwatulutsa panja, n'chifukwa chake anamwino aja akudandaula. Ndalankhula kale ndi kalipentala, abwera mawa masana. Akhomapo matabwa, mkati tiikamo siponji. Makina anuwa mupite nawo kuchipinda."

Tebulo ndinapereka, kapeti ndinapereka, choko, tepi, khosi langa, zonse ndinapereka. Tsopano zenera, lomwe limadyetsa nyumba ino theka lathunthu? Ndinalowa kuchipinda n'kuluma pilo kuti ndisakuwe. Ndinaimbira amuna anga, foni n'kungoitana osayankhidwa. Ndinakhala pabedi ndikutukwana mumtima makatoni atatu aja, wowagulitsa, ndi amene anayambitsa zoti phokoso lizichokera mbali zisanu pamene munthu ali ndi makutu awiri. Ndili mkati motukwanamo ndinakumbukira lamulo la ku galaja.

M'mawa mwake, atamwa tiyi, ndinaima pambali pa mpando wawo, mbali yakumanja.

"Bambo, kalipentala asanabwere ndimati ndifunse. Paja munati makaniko salota?"

"Amasinthanitsa," anamaliza, akuoneka kuti akondwa kuti wophunzira wawo wagwira.

"Masipika tinasinthanitsa, mawaya tinasinthanitsa, ampulifaya tinakayezetsa. Koma zenerali sitinaliyese. Tikalikhoma osaliyesa, si kulota kumeneko?"

Anandiyang'ana mwachidwi. "Zenera mungalisinthanitse bwanji, mayi? Tigumule khoma?"

"Ayi. Tingotembenuza mpando wanu kuti uyang'ane kumbuyo. Ngati wakuba ndi zenera, masipika ofooka akhalabe a kuzenera omwewo, kaya mwayang'ana kuti."

Anaganiza kanthawi, chala chili pachibwano. Ndinaona kuti akufufuza pothawira mwa umakaniko, osapapeza. Sindikudziwa ngati anali atazindikira kale kumene ndinkapita nawo. Mwina mbali ina ya mtima wawo inkadziwa kuyambira tsiku la minibasi lija.

"Mwaganiza ngati mmisiri," anatero. "Gwirani uko."

Tinanyamula mpandowo, koyamba kuuchotsa m'mizere yake ya choko, n'kuutembenuza. Anakhala pansi atafulatira TV, zenera lili kudzanja lawo lamanja, chitseko kumanzere. Anandipatsa limoti kuti ndidine.

Kaphokoso kaja kanayambira pa sipika ya kuzenera, ija ankati yafa, ija anaikweza miyezi yonseyi. Kanalira kuti shiii mwamphamvu mpaka iwo anadzidzimuka n'kupendeketsa mutu. Kanapita pa yapakati. Kenako kanafika pa ya kuchitseko, imene sinadwalepo chiigulire. Ndinawaona akusendeza mutu, akudikira, nsidze zitakumana. Kaphokoso kanalira n'kudutsa, iwo akudikirabe.

"Bwerezani," anatero.

Ndinabwereza. Anati ndibwerezenso, ndinabwerezanso. Kachitatuko sanapendeketse n'komwe mutu.

"Zimitsani."

M'nyumba munangoti zii. Anakweza dzanja lamanja pafupi ndi khutu n'kutikita zala ziwiri, akumvetsera. Anatsitsa, n'kukweza lamanzere, n'kutikitanso. Anatikita nthawi yaitali, akuyandikitsa zalazo mpaka zinakhudza khutu lenilenilo. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinali nditakonzekera kukalipidwa, ngakhale kuuzidwanso za kwawo. Kukhala chete kumeneku sindinakukonzekere.

"Vuto lasamuka ndi ine," anatero potsiriza, mawu ali pansipansi. "Pulagi yapezeka."

"Pepani, Bambo."

"Mukupepesa chiyani? Mwayeza bwino. Munadziwa liti?"

"Kasikulu kaja ka pa bobini kanakhwefukanso. Ino ndi sabata yachitatu."

Anatembenuka n'kuyang'ana makina anga pazenera paja, ngati munthu amene mnzake wakale wamudutsa pamsewu osamupatsa moni. Anadzuka, anakatenga sikuludilaiva yaing'ono m'chipinda mwawo, anatsegula makinawo n'kumanga kasikuluko. Sanandiuze kuti ndiwaponde amvere. Atatha anaubweza yekha mpando wawo m'mizere yake, mwendo uliwonse pamalo pake, n'kuupukuta ndi dzanja.

"Khalani apa, mayi."

"Pampando panu, Bambo?"

"Khalani. Ine ndasokoneza zonse. Mubweze sipika iliyonse pamene ikumveka bwino kwa inu."

Ndinakhala, m'mphepete mokha, ngati mlendo. Anandiuza kuti nditsamire, mutu ukhale pakati. Ndinadina batani lija n'kuyamba kutsitsa mbali yakumanzere, pang'onopang'ono, mpaka kaphokoso kanazungulira balaza lonse mofanana. Voliyumu ndinaibweza pa 18. Kenako anaika filimu ina imene amaikonda, pamene pamayamba kugwa mvula.

Chaka chathunthu ndinakhala ndikunyamula masipika amenewa, kuwapukuta, kuwatukwana, koma ndinali ndisanawamvepo ndili pamalo pake. Mvula inayambira kutali kutsogolo, inabwera, inandidutsa pamutu n'kukagwera kumbuyo kwanga, moti ndinatsala pang'ono kudzuka kukaanula zovala. Munthu wina anayenda kuchoka kuchitseko kupita kuzenera, ndipo ndinamva phazi lililonse. Zonse zimene anandivutitsira zija, makatani, choko, kukwawa, zinali m'menemo. Bambowa anamanga chinthu chokoma chonchi, ndipo chinawathawa asanachidyerere mokwanira.

Iwo anali ataima pambali, osayang'ana TV koma nkhope yanga.

"Galu akuuwa mufilimuyo ali kuti?" anafunsa.

"Kumbuyo, Bambo. Kumanzere."

"Kutali kapena pafupi?"

"Kutali ndithu. Ngati kuseri kwa nyumba ya anamwino."

Anagwedeza mutu. "Ndi pomwepo. Ndinkamumva pamenepo kale."

Pageti panamveka odi. Anali kalipentala, matabwa ali panjinga. A Khutu sanamve, ndinachita kuwauza.

"Kamuuzeni abwerere, zenera lilibe mlandu," anatero. "Ndipo mukaone ngati anamwino aja adzuka. Muwafunse tsiku limene amayeza makutu. Muwauzenso kuti nkhondo yatha."

Nditabwerako ndinawapeza ataima pakati pa balaza, akuyang'ana mizere yawo ya choko. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa tepi yanga, atayipinda bwinobwino, pamodzi ndi kachidutswa ka choko kamene kanatsala.

"Katundu wanu uyu, mayi. Ndakusautsani nthawi yaitali."

Tepi imeneyo ndinailirira chaka chathunthu. Ndinadandaula nayo kwa amuna anga, kwa anamwino, kwa makasitomala, kwa aliyense amene anali ndi makutu. Tsopano inali m'dzanja lawo lotambasula, ndipo sindinaifune ngakhale pang'ono. Ndinaona kuti akaibweza, mawa m'mawa adzuka opanda choyeza.

"Isungeni, Bambo," ndinatero. "Paja ine ndimagunda masipika posesa."

Sanayankhe. Anangoimabe, dzanja lili chitambasulire, akudikira kuti ndilandire. Ndinali nditaima kumanzere kwawo. Ndinazungulira n'kupita kumanja, n'kunenanso.